Mowa wakuda wa ku Belgium sufuna kupapira

Chisanu cha June ndi July chikagwa ku Mbare, Highfield ndi Mufakose m'dziko la Zimbabwe, kumene kukukhala zidzukulu zambiri za Amalawi omwe adapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, anthu amasonkhana m'mabala kumwa Chibuku. Ambiri sadziwa kuti mowawu uli pachibale ndi Belgium. Kampani ya Delta, yomwe imafulula Chibuku ku Zimbabwe, gawo lina la masheya ake lili m'manja mwa AB InBev ya mumzinda wa Leuven, yomwe idagula SABMiller mu 2016.

Ku Belgium chisanu chimafika mu December, ndipo ndi nyengo ya mowa wakuda ndi waukali. St. Bernardus Christmas Ale wa ku Watou ukali wake ndi pafupifupi 10 peresenti. Chimay Bleue, wa 9 peresenti, umafululidwa ku Scourmont, nyumba ya amonke a Trappist omwe adayamba ntchitoyi mu 1862, ndipo nawo udayamba ngati mowa wa Khirisimasi. Mu 2016 bungwe la UNESCO lidazindikira mwambo wa mowa wa ku Belgium ngati chuma cha dziko lonse.

Womwa masese ali kale ndi theka la luso lomvetsa mowa wa ku Belgium. Amadziwa kuti mowa wa lero ndi wozuna, wa mkuja ndi wowawasa, poti umapitiriza kuwira. Nawo wa ku Belgium amauthira yisiti ndi shuga potseka botolo, choncho umakhwimira momwemo kwa zaka.

Kusiyana kuli pa kamwedwe. Chibuku chimafuna kukhutchumula, uwu ayi. Umathiridwa mwapang'onopang'ono m'tambula yotakasuka kukamwa, yisiti n'kutsalira pansi pa botolo. Usazizire kwambiri: madigiri 10 mpaka 12 ndi okwanira, chifukwa kuzizira kumabisa fungo. Yambani mwanunkhiza. Mumva zipatso zouma ndi shuga wopserera, zochokera ku chimera chokazinga ndi shuga wakuda. Mukalawa, kuzuna kumatsogola, kuwawa pang'ono kumatsatira, kenako kutentha kumatsikira pachifuwa.

Ngozi yake ndi kukoma komweko. Ukali wake umaposa wa Chibuku kawiri kapena katatu, koma pakamwa suoneka. Mukaupeza, botolo limodzi la mamililita 330 mugawane awiri, mutadya kaye sadza, ndipo asapezeke woyendetsa galimoto pakati panu.