Ngodya Zophunzirira Kuwerenga pa Mutu wa Nyama

1. Mau Oyamba

Kucokera m'caka ca 1966, ana a m'Zambia ankayamba kuwerenga m'Cingerezi. Cikalata ca boma cochedwa Educating Our Future, ca mu 1996, cinalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'cilankhulo cimene acidziwa. Potsatira mfundoyi, njira ya New Breakthrough to Literacy inayesedwa ku Kasama mu 1998, ndipo pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Njirayi inkagawa kalasi m'magulu anai: gulu limodzi linkakhala ndi mphunzitsi pamene atatu otsalawo ankagwira nchito paokha m'ngodya za cipinda. Vuto la kagawidwe kotere lagona pa magulu atatuwo. Ngati nchito yao ndi yongojambula zithunzi, ana ambiri amatha nthawi yowerenga osawerenga kanthu. Colinga ca nkhani ino ndi kuonetsa mmene maina a nyama angapatsire ngodya iriyonse nchito yeniyeni ya cilankhulo.

2. Ngodya ya Maphatikizo

Maina a nyama m'Cinyanja angasanjidwe kucokera ku osavuta kufikira ku ovuta. Fisi, galu, fulu ndi kalulu ali ndi maphatikizo a konsonanti imodzi ndi vawelo imodzi. Njovu, mbuzi ndi mvuu amayamba ndi makonsonanti awiri, pamene nkhandwe ali ndi atatu m'phatikizo lirilonse. Mphunzitsi adule makadi pa makatoni akale, alembe phatikizo limodzi pa khadi lirilonse, ndipo ana alumikize makadiwo pansi pa cithunzi ca nyamayo. Gulu lotsogola lipatsidwe maina osiyanitsa maliu ofanana m'kalembedwe, monga ng'ombe ndi nguluwe, kapena kalulu ndi khoswe.

3. Ngodya ya Ziganizo

Maina a nyama amapezeka m'magulu a maina osiyanasiyana, ndipo gulu lirilonse limafuna mgwirizano wace ndi mneni. Timati galu akudya, mkango ukudya, cipembere cikudya, njovu ikudya. Pocurukitsa timati agalu akudya, mikango ikudya, zipembere zikudya, njovu zikudya. Ana apatsidwe milu iwiri ya makadi, wina wa maina, wina wa aneni, kuti apange ziganizo. Mwana wolankhula Cinyanja amadziwa kale mgwirizanowu m'khutu, koma kuti asankhe khadi loyenera ayenera kuwerenga phatikizo loyamba la mneni. Pamenepa kulota yankho poyang'ana cithunzi sikumuthandiza. Dzina lakuti njovu ndi lothandiza koposa, pakuti silisintha, ndipo ndi mneni yekha amene amaulula ngati njovuyo ndi imodzi kapena zambiri.

4. Ngodya ya Nthano

Pano ana awerenge awiriawiri nthano yaifupi ya Kalulu ndi Njovu yolembedwa ndi mphunzitsi pa mapepala anai, kenaka asanje mapepalawo monga mwa kutsatana kwa nkhani. M'nthano nyama imatengedwa ngati munthu, motero timati Njovu anakwiya, osati inakwiya. Mphunzitsi afotokozeretu kusiyanaku kuti kusasokoneze zimene ana aphunzira m'ngodya ya ziganizo. Otsiriza msanga aumbe nyama za dongo ndi kuzilembera maina.

5. Ngodya ya Mphunzitsi

Gulu limene liri ndi mphunzitsi liyambe ndi kulankhula. Ana ambiri a mu Lusaka amati nkalamu pamene buku likuti mkango. Liu la mwana lisakanidwe. Lilembedwe pambali pa liu la m'buku, popeza mwana sangamvetse liu limene waliwerenga ngati sanalimvepo. Ndi panonso pamene mphunzitsi amaonetsa nchito iriyonse yatsopano isanaikidwe m'ngodya zina.

6. Mau Omaliza

Ngodya iriyonse ikwaniritse zinthu zitatu. Nchito yace ikhale yoti mwana aigwire popanda kuitana mphunzitsi. Yankho lilembedwe kumbuyo kwa khadi kapena cithunzi kuti ana adzicongere okha. Pomaliza, nchitoyo isatheke popanda kuwerenga. Zipangizo zonse zachulidwa pano ndi makatoni, mapepala ndi dongo, motero sukulu ya kumudzi yosowa mabuku ingathe kuzipeza mosavuta monga ya m'tauni.