Agogo a pabenchi ku Harare ndi matenda a maganizo

Anthu awiri angakhale ndi ngongole yofanana kwa wakatapila yemweyo, koma wina n'kumagona tulo pamene mnzake akuchezera usiku wonse. Akatswiri a zamaganizo amati kusiyanaku kumachokera kwambiri pa momwe munthu akulionera vuto lakelo.

Munthu akaona choopsa, tiziwalo tomwe tili pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, magazi amathamanga, thupi limakonzeka kuthawa kapena kumenyana. Zimenezi n'zothandiza pothawa galu wachiwewe. Koma ubongo susiyanitsa kwenikweni galu ndi ngongole. Amene amangobwereza mumtima kuti "ine basi zanga zada" amalisunga thupi pa mantha omwewo kwa miyezi, ndipo mutu umayamba kuwawa, tulo timasowa, chakudya sichikoma, BP imakwera.

Nanga kaganizidwe kangasinthike? Ku Zimbabwe anayesa. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba zambiri m'matauni pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ndipo bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, anaona kuti ovutika mumtima achuluka pamene madokotala onga iye anali owerengeka. Anaphunzitsa agogo aakazi 14 a ku Mbare, n'kuika benchi panja pa kiliniki. Umu ndi momwe Friendship Bench inayambira.

Chochitika pabenchipo n'chosavuta kufotokoza. Agogo amamusiya munthu akhuthule zonse: mwamuna womenya, fizi ya ana, lendi, kachilombo ka HIV. Kenako amamubwerezera mavutowo limodzilimodzi n'kumufunsa kuti ayambe ndi liti. Wosankha ndi mwiniwake, ndipo njira zothetsera amazitchulanso yekha. Akasankha imodzi, amagwirizana tsiku ndi chochita, mwina kukaonana ndi aphunzitsi aakulu Lachiwiri m'mawa. Sabata yotsatira amabwera kudzanena momwe zinayendera, ndipo amakumana motere mpaka kasanu ndi kamodzi. Agogowo amaphunzitsidwa kusalangiza, chinthu chovuta ndithu kwa munthu amene wakhala akulangiza adzukulu moyo wake wonse.

Mu 2016 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a ku Harare. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi, 14 pa 100 alionse anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa. Mwa amene analandira chithandizo chamasiku onse, anali theka. Lendi sinatsike, ntchito sizinachuluke. Chinasintha n'chakuti munthu amene ankaona mavuto ake ngati phiri limodzi anayamba kuona kagawo koti angathe kukagwira.

Apa m'pamene mawu athu a pamaliro ndi pachipatala akuti "limbani mtima" amaperewera. Amanenedwa mwachikondi, koma samupatsa munthu poyambira, ndipo nthawi zina amamutseka pakamwa, makamaka abambo amene anakula akumva kuti mwamuna salira. Choipanso n'kumuuza wovutika kuti akudzidwalitsa yekha ndi maganizo, ngati kuti njala ndi ulova anazipeka.

Njira ya benchiyi yayesedwanso m'zipatala zina ku Malawi. Ili ndi malire ake. Munthu akanena kuti akufuna kudzipha, agogo samusunga pabenchi, amamutumiza kwa anamwino kapena adokotala kuti athandizidwe mwamsanga.