Usiku Umene Cithunzi Ciimirira Pamaso pa Woweruza

M'matauni ambiri a ku Britain muli timagulu ta anthu okonda kujambula, timene eni ake amaticha makalabu a kamera. Si akatswiri olipidwa ai, koma aphunzitsi, anamwino, opuma pa nchito ndi ena otero, amene amasonkhana madzulo kamodzi pa mlungu, kawirikawiri m'holo ya chalichi kapena ya mudzi, kuyambira Sepitembala kufikira ca m'ma Meyi. Makalabu mazanamazana otere ali pansi pa bungwe la Photographic Alliance of Great Britain, limene linayamba mu 1930. Mwambowu ngwakale koposa apo: bungwe limene lero lichedwa Royal Photographic Society linabadwa ku London mu 1853, ndipo caka cotsatira linaonetsa zithunzi kwa anthu.

Pa zonse zimene makalabuwa amacita, usiku wogunditsa mitima ndi wa mpikisano wa zithunzi zotsuka, ndiko kuti za papepala, zogwirika ndi manja.

Membala aliyense abweretsa zithunzi ziwiri kapena zitatu. Ciliconse acimata pa katoni yolimba, imene muyeso wake wozolowereka ndi masentimita 50 m'litali ndi 40 m'lifupi, nalemba kumbuyo dzina lake ndi mutu wa cithunzico. Kawirikawiri zamitundu ziweruzidwa pazokha, zakuda ndi zoyera pazokhanso. Woweruza amamuitana kucokera kunja kwa kalabu kuti pasakhale kukondera. Cithunzi aciika pa coimikira cowala nyali, awerenga mutu wake, koma dzina la mwini sachula. Pamenepo woweruza ayamba kulankhula onse akumva: kuwala kwagwa bwanji pankhope, maso aoneka bwino kapena acita cimbuuzi, mtengo wa kumbuyo uja waoneka ngati wamera pamutu pa mwana, thambo layera mopitirira mpaka mitambo yatayika. Potsiriza apereka mamalikisi, pa 10 kapena pa 20 monga mwa lamulo la kalabuyo, ndipo zimene zamkomera kwambiri aziika pambali kuti azionenso kumapeto.

Nthawi yonseyo mwini cithunzi ali pomwepo pampando, ali duu, osaloledwa kudziteteza. Inu amene munaimbapo m'kwaya mudziwa kuwawa kwake kwa kukonzedwa pagulu. Woweruza nayenso ndi munthu. Cimene uyu acipatsa 14, wina mwezi wamawa angacipatse 19, ndipo kudandaula pa tiyi sikusowa.

Nanga pepala lifunikiranji masiku ano? Makalabu omwewa ali ndi mipikisano ina ya zithunzi zoonetsa pa cinsalu kucokera m'kompyuta, imene ili yosavuta ndi yosadya ndalama za pepala ndi inki. Komabe pepala likakamiza munthu kusankha. Akuluakulu mukumbukira filimu ya zithunzi 24 kapena 36: wojambula pa ukwati kapena pa ubatizo ankayamba waganiza asanadinde, ndipo inu munkadikira masiku kuti akatsuke ku tauni. Foni ya lero isunga zithunzi zikwizikwi, koma palibe wofunsa kuti cabwino nciti. Wopita ku mpikisano ayenera kusiya mazana ndi kutenga zitatu cabe. Ndiponso pepala silibisa kanthu. Cimene cioneka cokongola pa kagalasi ka foni, cikakulitsidwa ciulula zilema zake zonse.

Funso lovuta koposa ndi ili: kodi wojambula aloledwa kukonza cithunzi kufikira pati? Kuwalitsa mbali ina kapena kuidetsa pang'ono kunaloledwa kuyambira kale, pamene zithunzi zinkatsukidwa m'cipinda camdima. Koma m'gawo la zacilengedwe malamulo ngouma; kuwonjezera mbalame imene panalibe nkoletsedwa. Tsopano pabwera vuto latsopano. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana gawo lina la mpikisano waukulu wa Sony World Photography Awards, koma anakana mphothoyo, popeza cithunzi cakeco sicinaturuke m'kamera: cinapangidwa ndi kompyuta mwa njira ya AI. Akazi awiri ooneka m'menemo sanabadwe konse. Ine ndiona kuti nkhaniyi ikhudza lamulo lacisanu ndi citatu, pakuti cithunzi ndi mboni, ndipo mboni ikhoza kunama.

Kwa ife Akatolika zimenezi si zacilendo. Thérèse Woyera wa ku Lisieux, amene timamucha Tereza wa Mwana Yesu, anajambulidwa kangapo ndi mkulu wake Céline, amene analowa m'nyumba ya masisitere yomweyo mu 1894 atatenga kamera yake. Woyerayu atamwalira mu 1897, kwa zaka zambiri Akhristu ankaona nkhope yokonzedwa ndi dzanja, yosalala ndi yofewa. Zithunzi zenizeni zitasindikizidwa pamodzi mu 1961, anthu anaona namwali wa maso openyetsetsa ndi cibwano colimba, ndipo m'zomalizira, wotopa ndi nthenda ya cifuwa cacikulu. Nkhope yaciwiriyi ndiyo imandithandiza ine kupemphera.

Mpikisano wotere sufuna zambiri, ndipo maparishi athu ali kale ndi holo ndi acinyamata a mafoni m'manja. Musankhe mutu umodzi, monga kukolola cimanga kapena Lamulungu la Kanjedza. Munthu aliyense atsukitse zitatu. Woweruza acokere ku parishi ina. Lamulo limodzi lokha ndingaumirire: wojambulidwa ayambe wavomera, makamaka odwala ndi anamfedwa, ndipo za ana mupemphe makolo ao. Banja limene lero lili ndi cithunzi ca ulendo wa Papa John Paul II m'dziko muno mu Meyi 1989, lili naco cifukwa wina anacitsuka, wina nacisunga. Mpikisano ukatha, lembani kumbuyo maina a anthuwo, malo ndi caka, ndi pensulo yofewa, pakuti inki ya bolopeni imalowerera m'pepala. Kenaka muzisunge kutali ndi dzuwa, cinyezi ca dzinja ndi ciswe.