Tidawasamutsa agogo, mtima udatsala ku Chikwawa

Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ya agogo anga ku Chikwawa mu Malichi 2023, ndidakawatenga kuti tizikhala limodzi ku Lilongwe. Chipinda chawochawo, magetsi, madzi apampopi. Ndidati basi zatheka. Ayi ndithu, abale anga! Sabata ziwiri zokha, nsima akungoiyang'ana, tulo osagona, kukacha ali khale pakhonde ndi kamtolo ka zovala.

"Mwanawe, kodi ineyo kuno ndine yani?"

Mnzanga wina, namwino, ndiye adandiuza za Callista Roy, sisitere wa ku America amene mu 1970 adalemba kuti munthu moyo ukamusinthira, anamwino aziona mbali zinayi: thupi, mmene akudzionera, udindo wake, ndiponso anthu amene amadalirana nawo. Ine ndinkangodyetsa thupi.

Tidati tiyese nzeruzo. Ndidawapatsa kamunda kuseri kwa nyumba, abzalemo therere ndi maungu. Ana akayambana, mlandu kwa agogo. Mwezi usanathe, mbale idayamba kubwerako mbee.

Koma mbali yachinayi ija yatikanika. Anzawo akumpingo adabalalika, manda a amuna awo ali konko kumudzi. Kamtolo kaja sanakamasulebe mpaka lero.