Amisiri oumba anthu papepala

Alembi a nkhani zopeka kuno ku Malawi ambiri ali ndi ntchito ina yowadyetsa. Samuel Josiah Nthara anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma, ndipo Willie Zingani, mlembi wa buku la Njala Bwana, anali mtolankhani. Mpaka lero ambiri amalemba usiku akaweruka, n'kutumiza nkhani zawo kunyuzipepala zotuluka Loweruka, malipiro ake ongogulira sopo.

Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wongoyeserera pa ntchitoyi ndi ampangankhani. Ndipo chida chachikulu si cholembera ayi, koma khutu. Mlembi wodziwa ntchito amatchera khutu m'minibasi, kuchigayo, pasiwa ndi pabwalo la milandu kwa amfumu. Amamvetsera mmene mkamwini amazungulirira mawu pamaso pa apongozi, komanso nthawi yeniyeni imene mayi wopsa mtima amasiya "inu" n'kuyamba "iwe" kwa mwamuna wake. Kusintha kakang'onoko kamaulula za banjalo kuposa tsamba lathunthu lofotokoza. Amadziwanso zambiri zimene sadzazilemba m'buku: mfunda wa mpangankhani wake, kwa katapila kumene ali ndi ngongole, chinthu chimene amachita nacho manyazi. Mlembi akazidziwa, mpangankhani amayamba kukana zina zimene mlembi akufuna kumuchititsa, ndipo pamenepo ndiye kuti wakhala munthu.

Nthara anazidziwa izi kalekale. Nthondo wa m'buku lake la 1933, lomwe T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi kukhala Man of Africa, ndi mnyamata wakuba, wamakani ndi wovutitsa mudzi, amene pamapeto amalowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Kunena mosapsatira, Nthondo wakubayo ndi wamoyo kuposa Nthondo wotembenuka. Akuba timamumvetsa, chifukwa njala ndi dyera lake tikuzidziwa. Atalapa amayamba kumveka ngati ulaliki.

Msampha umenewu ukadalipo, ndipo wakula. Ndalama zolembera masiku ano zimachokera kwambiri kumabungwe ofuna uthenga wa Edzi, nkhanza za m'banja kapena maukwati a ana, komanso kumabuku a sukulu. Nkhani zofunika ndithu. Koma mlembi waulesi amangotenga uthengawo n'kuuveka malaya: mtsikana wabwino wopanda banga, bambo woipa wopanda ngakhale tsiku limodzi lachifundo. Owerenga amazindikira msanga kuti akuphunzitsidwa, ndipo amatseka buku.

Olemba masewero a pawailesi ndi pakanema ena anaipeza njira. Tikuferanji anali sewero la uthenga, komabe mpangankhani wake Manganya anapatsidwa ukathyali, mabodza ndi lilime lakelake, moti anthu ankamudikira iyeyo, uthenga n'kulowera pambuyo pake. Michael Usi, amene ankasewera gawolo, atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, anthu m'misika sanasiye kumutchula kuti Manganya.