Chaka chatha mimba kulibe? Osayamba ndi ng'anga, yambani ndi sikani

Mwakwatiwa, chaka chatha, ndipo apongozi ayamba kale kuyang'ana pamimba panu mukamawapatsa moni. Kuchitsime anzanu akunong'onezana. Inu amai a ku Rufunsa, kaya muli kwa Mpanshya, kwa Shikabeta kapena kwa Bunda Bunda, mverani kuno musanagulitse mbuzi ina kuti mulipire ng'anga.

Vutoli si lanu nokha. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pamoyo wake. Madokotala amawerenga chonchi: ngati mwakhala mukugona ndi amuna anu kawirikawiri kwa miyezi 12 popanda njira yakulera koma mimba osabwera, pitani mukapimidwe. Ngati mwapitirira zaka 35, miyezi 6 yakwana, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu.

Kuno kwathu chovuta kwambiri ndi machubu otsekeka. Dzira likachoka m'thumba lake limadutsa mu kanjira kopapatiza kupita m'chibaliro, ndipo ndi momwemo mmene limakumana ndi umuna. Chinzonono ndi chlamydia zikapanda kuchiritsidwa zimasiya zipsera mu kanjirako. Choipa chake, chlamydia imatha kukhala mwa mkazi osamva kalikonse, mpaka mudabwe pambuyo pa zaka. Mimba yochotsedwa kuseri ndi timitengo kapena mankhwala osadziwika, ngakhalenso matenda obwera pambuyo pobereka, zimawononga chimodzimodzi. Ndiye chifukwa chake amai ena amabereka mwana woyamba bwinobwino, wachiwiri n'kukanika.

Pali china chomwe ambiri saganizira: likodzo. Mukamachapa kapena kusamba m'madamu ndi m'mitsinje ngati Lunsemfwa ndi Luangwa, tizilombo take timalowera pakhungu. Mazira ake amakakhala m'chikhodzodzo, komanso pakhomo pa chibaliro ndi m'machubu. Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda opatsirana pogonana, moti mkazi wosalakwa amanamiziridwa uhule kwinaku akumwa mankhwala olakwika. Mankhwala ake enieni ndi praziquantel. Muwauze anesi kuti mumagwira madzi a mumtsinje, osadikira kuti akufunseni.

Kwa ena vuto ndi zotupa za m'chibaliro, ma fibroid, zomwe zimabweretsa magazi ambiri kumwezi. Kwa ena dzira silituluka mwezi ndi mwezi, ndipo mudzaona kumwezi kukudumphadumpha, thupi kunenepa, tindevu kumera. Jekeseni ya kulera, yomwe anthu amainena maningi, siitseka chibaliro. Imangochedwetsa, mwina miyezi ingapo, mwina mpaka chaka.

Manje nkhani ya abambo. Mwa mabanja osabereka, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, koma wotchedwa chumba amakhala mkazi yekha. "Ine nili chabe bwino, nili na mwana kunja," ndi mmene ambiri amayankhira. Mwana wa zaka 10 zapitazo si umboni wa lero. Kupima umuna n'kosavuta ndiponso n'kotchipa kuposa kupima machubu, choncho si nzeru kuyamba ndi mkazi yekha.

Musadikire chaka ngati kumwezi kwasowa miyezi 3 muli osayima, ngati m'mimba mumapweteka kwambiri pogonana kapena posamba, ngati mukutuluka zonunkha kumaliseche, kapena ngati mwapita padera kawiri. Ndipo zoikaika za zitsamba kumusi siyani, zimasupula khungu n'kutsegulira matenda njira.

Yambirani pakiliniki yapafupi. Akaona kuti nkhani yakula adzakutumizani ku St Luke's Mission Hospital ku Mpanshya, ndipo zofuna akatswiri a matenda a azimai zimapita ku Lusaka, ku Levy Mwanawasa yomwe ili pa Great East Road pomwepo, kapena ku UTH. Musanapite, lembani m'kabuku masiku omwe mwayamba kusamba kwa miyezi 3, tengani makadi akale a kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse omwe munamwa, a ng'anga omwe. Abambo nawo akwere basi yomweyo, ndipo ngati akukapimitsa umuna, asagone nanu masiku 2 mpaka 7 tsikulo lisanafike.