Fulashi imodzi yatsitsimutsa chipinda chathu cha makompyuta

Pasukulu yathu kuno ku Kafue panalibe chipinda chomwe aphunzitsi ankachizemba ngati cha makompyuta. Phunziro la Computer Studies litalowa m'silabasi ya 2013, ana a giredi 9 n'kuyamba kulilemba pamayeso mu 2015, tinkangotolera makina kulikonse komwe apezeka, makamaka ma Dell ndi ma HP omwe anagwirapo kale ntchito m'maofesi. Anali olimba ndithu, koma teremu iliyonse mavuto anali omwewo. Kompyuta ina yakana kutsegula Windows. Ina yalowa vairasi ya pa fulashi, ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Ina mwana wachidwi waiikira pasiwedi, mawa lake waiwala. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri patsiku, ndipo kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba pa disiki, nthawi zina imadzayaka mafayilo ake ataonongeka.

Njira yomwe tinkaidziwa inali imodzi basi: kufomata. Ukafomata uikemo Windows, usakesake madiraiva, uikemo Office, kenako udikire ma update omwe ankatha mabandulo osaneneka. Kompyuta imodzi inkadya theka la tsiku, ndipo magetsi akazima pakati unkayambiranso. Mayeso akamayandikira, ana ankapanikizana atatuatatu pa kiyibodi imodzi, kwinaku makina ena ali chete pakona, atafunditsidwa nsalu.

Zinthu zinasintha Loweruka lina, atabwera mnyamata yemwe tinamuphunzitsa kale, amene pano amakonza makompyuta ku Lusaka. M'thumba anali ndi fulashi imodzi ndi disiki yakunja, basi.

"Aphunzitsi, musavutike ndi onsewa," anatero. "Tikonze imodzi yokha, koma tiikonze mpaka ikhale yosachititsa manyazi."

Tinasankha Dell imodzi n'kuikamo zonse zomwe mwana amafunikira pokonzekera mayeso: Windows yoyera, madiraiva, Word, Excel, pulogalamu yophunzitsa kutayipa, ndi akaunti ya ana yopanda mphamvu zochotsa kapena kuika mapulogalamu. Atakhutira, anaiyatsa kudzera pa fulashi momwe munali pulogalamu ya Clonezilla, n'kusankha savedisk. Disiki yonse, kuyambira poyatsira mpaka chithunzi cha pa desikitopu, inakopedwa n'kusungidwa mu foda imodzi pa disiki yakunja ija. Imeneyi ndiyo amaitcha image. Ili ngati chikombole: ukachisema bwino kamodzi, njerwa zonse zimatuluka zofanana.

Kenako anapita pakona paja, navundukula kompyuta yomwe tinali titaitaya kale mumtima. Anasankha restoredisk. Clonezilla inafunsa kawiri ngati tikufunadi kufufuta zonse za m'disikimo, iye n'kudina y kawiri konse. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanayamba kukwawa, ife maso ali pomwepo. Ola lisanathe kompyutayo inayaka, Word n'kutseguka, ndipo mlonda yemwe ankasuzumira pawindo ndi amene anayamba kuomba m'manja. Dzuwa lisanalowe, mzere wonse unali ukuwala. Ndinasekerera ndekha njira yonse yopita kunyumba ku Shikoswe!

Chiyambire tsikulo ndaphunzira kuti chida umasankha poona ntchito yomwe ili patsogolo pako. Clonezilla, yomwe inapangidwa ku National Center for High-performance Computing ku Taiwan, ndi yaulere, ndipo imakopa malo okhawo omwe muli zinthu, choncho image yake imachepa komanso imatha msanga. Koma sikirini yake ndi ya malemba okhaokha, ndipo imafuna munthu wowerenga modekha. Mnzanga amene safuna zimenezo ndinamupatsa Rescuezilla, yomwe umangodina ndi mbewa ya kompyuta, ndipo imawerenganso ma image a Clonezilla. Lamulo la dd la mu Linux limakopa chilichonse, ndi malo opanda kanthu omwe, motero limachedwa. Komanso ukasokoneza dzina la disiki yokopa ndi la yolandira, limafufuta popanda kufunsa. Akale amakumbukira Norton Ghost, koma inasiya kugulitsidwa mu 2013, ndipo Macrium Reflect yaulere inasiya kulandira zokonza kumayambiriro kwa 2024. Amene makina awo ndi olumikizana pa netiweki ali ndi mwayi woposa: Clonezilla lite server imatha kutumiza image imodzi ku makompyuta ambiri nthawi imodzi, ndipo FOG Project imachita ntchitoyi popanda kuyenda ndi fulashi pampando uliwonse.

Pali malamulo ochepa omwe tinawamata kukhoma. Disiki yolandira isachepe poyerekeza ndi yomwe munakopa, n'chifukwa chake kompyuta yachitsanzo timasankha ya disiki yaying'ono kuposa zonse. Image ya makina oyaka ndi UEFI siyaka bwino pa makina akale a BIOS, ndiye tili ndi image ya ma Dell payokha, ya ma HP payokha. Musanakope Windows yoti ipite pa makina ambiri, yendetsani Sysprep, ndipo mukamaliza kompyuta iliyonse muipatse dzina lakelake kuti zisamakangane pa netiweki. Laisensi nayo siichulukana chifukwa cha kukopa. Makina aliwonse akhale ndi yake. Popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, tinakonzanso image ya Linux Mint ndi LibreOffice ya makina omwe sangathe kunyamula Windows 11.

Malamulo awiri otsalawa ndiwo akuluakulu. Loyamba, image yomwe simunaiyese poibwezeretsa pa kompyuta ina musaiwerengere. Lachiwiri, image imasunga kompyuta mmene inalili tsiku lomwe munaikopa. Ntchito za ana zolembedwa pambuyo pake sizikhalamo, choncho zimenezo timazisunga padera tisanafufute kalikonse. Ma image athu ali pa madisiki awiri, ina m'kabati ya chipindacho, ina mu ofesi ya a hedi.

Lero mwana akabwera akunjenjemera kuti, "Aphunzitsi, ndaononga kompyuta," ndimamuuza kuti akhale pansi aone mmene timaidzutsira. Ana angapo a giredi 12 aphunzira kale ntchitoyi, ndipo ndi iwo amene amakonza chipinda sabata yotsegulira sukulu, ine ndikungoyang'anira. Anawa asiya kuopa kugwira makina, ndipo mwana wosaopa amaphunzira msanga. Mabandulo omwe ankathera ma update pa kompyuta iliyonse tsopano timagwiritsa ntchito kamodzi kokha, pa yachitsanzo ija. Magetsi akabwera kwa maola ochepa, maolawo amapita ku phunziro, osati kukonza. Aphunzitsi omwe ankachizemba chipindachi pano akulimbirana nthawi yolowamo, ndipo phokoso lomwe limamveka ukamadutsa pakhonde ndi la zala pa makiyibodi.

Anzanga osamalira makompyuta m'masukulu, m'ma intaneti cafe ndi m'maofesi ang'onoang'ono a kuno ku Kafue, ku Chilanga ngakhale ku Mazabuka, musadikire kuti makina afe kaye. Pezani fulashi ndi disiki yakunja, konzani kompyuta imodzi bwinobwino, ikopeni sabata ino, ndipo muyese kuibwezeretsa pa ina mayeso asanafike.